Mafilimu Otisiya ndi Mafunso: Akunyanja Tikutolamo Chiyani?

Filimu si mlendo ku Mangochi. Pa boma, pa Makawa, pa Monkey Bay, pa Namwera, ngakhale ku Makanjira komwe msewu umavuta nthawi ya dzinja, munthu sayenda mtunda wautali asanamve phokoso la mfuti ndi nkhonya likutuluka m'kanyumba koonetseramo mavidiyo. Anyamata ochokera kokoka makoka amalowamo kuti apumitse thupi. Amene ali ndi foni yabwino amakopetsa mafilimu n'kumakaonera kunyumba. Ambiri ndi a ku Nigeria, a ku India, a ku China ndi a ku America, ena ataikidwa mawu a Chichewa ndi anyamata aluso omasulira. Wailesi yakanema inafika mochedwa m'dziko muno, mu 1999, koma lero mwana wa pa doko waona mafilimu ambiri kuposa mabuku amene wawerenga.

Chinthu chodya nthawi ya anthu chonchi chiyenera kufunsidwa mafunso. Pa mafilimu onsewa, ndi ati amene amamusiya munthu akuganiza? Amaphunzitsa chiyani, ndipo phunzirolo limalowa bwanji m'moyo wa woonera?

Phunziro lotafuniridwa kale ndi phunziro lofuna mano

Tinakulira nthano, ndipo nthano imatha ndi chiweruzo: wadyera wapsa, waulemu wapeza mwayi. Mafilimu ambiri amene timaonera amayenda njira yomweyo. Mpongozi wankhanza amachita misala, wolemera ndi zizimba amafa imfa yowawa, wozunzika amaseka pamapeto. Mtima umakhala pansi, ndipo palibe cholakwa kusangalala ndi filimu yotere. Vuto lake ndi loti woonera aliyense amadziika kumbali ya wabwino. Mwamuna womenya mkazi amatha kuombera m'manja womenya mnzake akulangidwa pa kanema, osadziona m'menemo.

Filimu yochititsa munthu kuganiza imachotsa pobisalira pamenepo. Imaonetsa munthu wolakwa pamodzi ndi zimene zinamukankhira kukulakwako: njala, manyazi, ngongole, mantha, mwambo. Woonera amayamba ndi kuweruza, koma pofika pakati amapezeka akudzifunsa kuti akanakhala iye akanatani. Funso limenelo ndilo phunziro lenileni, chifukwa amatuluka nalo n'kukaliyesa pa moyo wake. Akuluakulu ananena kale kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Filimu yabwino imabweretsa mawa limenelo lero, munthu akadali ndi mpata wosintha njira.

Yusufu ndi nyanja yotha nsomba

Kwa ife akunyanja, filimu yoyenera kuyambira ndi The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, imene inatuluka mu 2012. Joyah, yemwe ntchito yake ina ndi yoyeza malo, analemba nkhani ya msodzi wotchedwa Yusufu. Kale Yusufu anali munthu wa dzina, koma nsomba zatha m'nyanja ndipo ulemu wake ukuthera limodzi nazo. Mwana wake Mustafa, amene bamboyo ankayembekeza kuti adzatenga nkhafi, wasanduka woperekeza alendo odzaona nyanja, ndipo m'mudzi mukumveka manong'onong'o oti amagona nawo pofuna ndalama. Mkazi wake wachitatu, Abiti Anefa, wamng'ono ndi wokongola, akunyengereredwa ndi mlendo wachizungu amene walonjeza ndalama zambiri. Malemu Hope Chisanu ndi amene anasewera Yusufu, ndipo Flora Suya anali Abiti Anefa. Mu 2013 filimuyi inapata mphoto ya nyimbo zabwino pa mpikisano wa Africa Movie Academy Awards.

Munthu wa ku Mangochi safuna womumasulira nkhani imeneyi. Maina ndi athu, ndipo mavuto ndi athu. Akuluakulu a m'mbali mwa nyanja ya Malombe amakumbukira nthawi imene chambo chinkapezeka matani masauzande angapo pa chaka, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Patangopita zaka khumi chinali chitatsika kufika pa mazana ochepa, asodzi n'kutembenukira ku kambuzi. N'chifukwa chake mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko kumeneko, kuti eni nyanja azitenga mbali poyiteteza. Makoka a maso aang'ono, maukonde a udzudzu osandutsidwa zophera nsomba, kupha nsomba nthawi yoswana, ndi kuchuluka kwa anthu odalira madzi omwewo, zonsezi zikudziwika. Chimene malipoti a boma sangathe, koma filimu yatha, ndi kuonetsa mmene kutha kwa nsomba kumalowera m'chipinda cha banja.

Phunziro loyamba lili pamenepa. Nyanja ikasauka, chimene chimatsala kugulitsidwa ndi munthu. Yusufu alibenso nsomba zoti aike pa msika, ndipo msika wayamba kufunsa mtengo wa mwana wake ndi wa mkazi wake. Zimenezi sizichitika ndi alendo achizungu okha. M'madoko athu zimadziwika kuti amayi ena ogula usipa amakakamizika kugona ndi asodzi kuti apeze katundu nsomba zikasowa. Woteteza nsomba, kaya akudziwa kaya sakudziwa, akuteteza ulemu wa amayi ndi ana. Amene amanyoza nyengo yotseka nyanja m'miyezi ya Novembala ndi Disembala akudula nthambi imene banja lake lakhalapo.

Phunziro lachiwiri ndi la bambo ndi mwana. N'chapafupi kunena kuti Mustafa ndi wotayika. Koma bambo ake amusiyira chiyani? Bwato lopanda nsomba si cholowa. Ku Chembe, pafupi ndi Cape Maclear, kumene kuli malo otetezedwa a Lake Malawi National Park amene anakhazikitsidwa mu 1980 n'kuzindikiridwa ndi UNESCO mu 1984, mnyamata amaona ndi maso ake kuti tsiku limodzi loperekeza alendo ku zilumba lingamupatse zoposa usiku wonse wa pamadzi. Makolo amene amakalipira ana kuti ataya mwambo ayenera kufunsanso ngati mwambowo ukuthabe kudyetsa munthu. Ana nawonso ayenera kufunsa ngati ndalama iliyonse ili yoyenera kulandira. Filimuyi siimasula mbali iliyonse pa mafunso amenewa.

Phunziro lachitatu, lomwe ndimaliona lolemera koposa, ndi la Abiti Anefa. Mwamuna wake amamuona monga ulemu wa nyumba yake, mlendo amamuona monga chinthu chogulika, mudzi umamuyang'anitsitsa kuti uone ngati agwe. Woonera amakakamizika kufunsa funso limene anthu omuzungulira safulumira kufunsa: mwini wakeyo akufuna chiyani? M'boma limene atsikana ambiri amakwatiwa asanamalize sukulu, ndiponso amayi ambiri amakhala zaka akudikira amuna amene anapita ku Joni, funso limeneli silikhudza mkazi wa mufilimu yekha.

Nyanja ina, ndi chenjezo kwa woonera

Mu 2004 Hubert Sauper wa ku Austria anatulutsa Darwin's Nightmare, filimu ya zochitika zenizeni yojambulidwa ku Mwanza, m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Tanzania. Imaonetsa nsomba yaikulu yotchedwa Nile perch, imene inaikidwa m'nyanjamo ndi anthu n'kumaliza mitundu yambiri ya nsomba zazing'ono. Minofu yake inkakwera ndege kupita ku Ulaya, osauka a m'deralo n'kumatsala ndi mitu ndi minga. Msodzi wa ku Msaka kapena ku Malembo angaphunzire zambiri poiona, makamaka za amene amapindula chuma cha m'madzi chikasanduka malonda aakulu.

Komabe filimu yomweyo inakwiyitsa boma la Tanzania, ndipo akatswiri ena anati inakokomeza mavuto n'kubisa anthu amene malondawo anawatukula. Apa pali phunziro la mtundu wina. Wojambula amasankha choonetsa ndi chosiya. Filimu yochititsa munthu kuganiza iyeneranso kuganiziridwa: waipanga ndani, akuuza ndani, wasiya chiyani kunja? Woonera amene amameza chilichonse chifukwa wachiona pa kanema sanaphunzire kanthu, ngakhale filimuyo itakhala ya mphoto zingati.

Atsikana amene sitiwayang'ana kumaso

Mafilimu ena awiri a Joyah amatembenuzira kamera kwa akazi amene anthu amawadutsa osawaona. Seasons of a Life, imene inalandira mphoto ku Zanzibar mu 2009, ndi nkhani ya Sungisa, mtsikana wantchito wa m'nyumba amene apatsidwa mimba ndi bwana wake. Akakamizika kusiya mwana kuti apitirize sukulu, ndipo patapita zaka abwerera, ataphunzira, kudzamenyera mwanayo kubwalo la milandu. Tapiwa Gwaza anapata mphoto ya Africa Movie Academy Awards mu 2010 chifukwa cha mbali yake mufilimuyi. Chimene chimasautsa ndi choti bwanayo si chilombo cha m'nthano. Ndi munthu waulemu wake, wovala bwino, wa mtundu umene timaupatsa mpando wa kutsogolo pa ukwati. Makolo a ku Katuli kapena ku Chilipa amene amatumiza mwana wamkazi ku Blantyre kuti akagwire ntchito ya m'nyumba ayenera kuona filimuyi asanamukweze basi.

The Road to Sunrise ya mu 2017 imatsata Rubia ndi Watipa, akazi oyendayenda a mu Blantyre. Rubia azengedwa mlandu wakupha mwamuna wachuma amene ankafuna kumugwiririra. Funso lake ndi lolunjika: kodi mkazi wogulitsa thupi akakana, kukana kwakeko kuli ndi mphamvu? Ambiri pamtima amayankha kuti ayi, ngakhale pakamwa sanganene. Filimuyi inapambana mu 2018 pa mpikisano wa Africa Magic Viewers' Choice Awards monga yabwino koposa ya kum'mwera kwa Africa, ndipo inali yoyamba kutumizidwa ndi dziko la Malawi ku mpikisano wa Oscars. Pa mphoto yomwe ija, Joyce Mhango Chavula anali atatsegula kale njira mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe.

Pambali pa awa tiikepo Fatsani ya Gift Sukez Sukali, ya mu 2020, yokamba za mtsikana wogulitsa nthochi m'misewu sukulu yake itatsekedwa. Mwana wotere timamuona tsiku lililonse pa depoti ndi pa mlatho wa Mangochi, titamugula chinthu n'kumuiwala. Malamulo alipo. La maukwati la mu 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja. Koma lamulo limagwira ntchito pamene anthu ayamba kumuona mtsikana monga munthu wokhala ndi tsogolo lakelake, ndipo kuona kumeneko ndi kumene mafilimu awa amaphunzitsa.

Ku Zambia, Rungano Nyoni anapanga I Am Not a Witch mu 2017, imene inapata mphoto ya BAFTA ku Britain chaka chotsatira. Kamtsikana kotchedwa Shula kanamiziridwa ufiti n'kuikidwa pa msasa wa amayi omangidwa ndi nsalu zazitali kuti asathawe. Mkulu wina wa boma amakagwiritsa ntchito popezera ndalama, ndipo alendo amabwera kudzakajambula. Chinyanja chimamveka mufilimuyi, choncho sitiionera patali. Kuno kwathu lamulo la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, komabe agogo akupitirira kumenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'midzi. Nyoni amatiphunzitsa kufunsa kuti wapindula ndani munthu akanamiziridwa: wofuna munda wake, sing'anga, kapena wachibale wofuna womukankhira tsoka.

Kamkwamba: phunziro limene timalimva theka

Filimu ya ku Malawi yodziwika koposa kunja ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, imene inatuluka pa Netflix mu 2019. Ndi mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene anachotsedwa sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002, n'kupanga makina oyendera mphepo atawerenga buku m'laibulale. Anthu ambiri amatolamo mawu amodzi: limbikira, udzapambana. Mawuwo ndi oona, koma ndi theka chabe.

Yang'anitsitsani zimene zamuzungulira mnyamatayo. Pali laibulale, ndi wina womulola kulowamo. Pali anzake omuthandiza kutolera zitsulo kudzala. Pali njinga ya bambo ake, chuma chokhacho cha pakhomo, chimene bamboyo ayenera kulolera kuti chidulidwe chifukwa cha nzeru za mwana zimene iye sakuzimvetsa. Palinso mitengo yogulitsidwa chifukwa cha umphawi, madzi osefukira, ndi atsogoleri okana kuvomereza kuti kuli njala. Luso la mwana limamera pamene akuluakulu alisiyira malo. Kholo la ku Mangochi limene limachotsa mnyamata m'kalasi kuti azikapalasa bwato, kapena kumusonkhera ya basi ya ku Joni asanalembe mayeso a Sitandade 8, likuyankha funso lomwe bambo a William anakumana nalo. Mfumu, phungu ndi komiti ya sukulu nawonso afunsidwe kuti laibulale ya m'dera lawo ili kuti.

Ngakhale pano woonera asagone. Makina oyamba a Kamkwamba anayatsa mababu ndi wailesi pakhomo pawo, ndipo zopopa madzi zinabwera pambuyo pake. Filimu inasakaniza zinthuzi kuti nkhani ithe mokoma. Amalawi ambiri anadandaulanso ndi Chichewa cha osewera akunja, kuphatikizapo Maxwell Simba wa ku Kenya amene anali William. Madandaulo amenewa sachotsa ubwino wa filimuyi, koma amatikumbutsa kuti nkhani yathu ikakambidwa ndi ena, imakambidwa poganizira makutu a ena.

Chifukwa chake phunziro silifika pa doko

Chowawa ndi ichi: anthu amene mafilimu awa amakamba za iwo ndi amene sawaona. The Last Fishing Boat yaonetsedwa pa zikondwerero za mafilimu kunja kwa dziko lino, koma m'tinyumba ta mavidiyo ta m'madoko simuipeza kawirikawiri. Zifukwa ndi zingapo. Mafilimu athu opita ku mipikisano amadalira kwambiri Chingerezi, kapena mawu olembedwa pansi amene wosadziwa kuwerenga sangawatsatire, pamene m'makomo ambiri a boma lino la anthu oposa miliyoni imodzi mumalankhulidwa Chiyao. Wopanga filimu amene waika ndalama zake amaopa okopa mwakuba, motero amaisunga pafupi. Mwini kanyumba ka mavidiyo naye amaonetsa chimene chimadzaza mabenchi.

Palinso mafilimu a mabungwe, okamba za Edzi, kolera kapena maukwati a ana. Cholinga chake ndi chabwino, ndipo ena athandizadi. Koma ambiri amalankhula ndi woonera monga mwana wosadziwa kanthu, uthenga n'kuonekera filimu isanafike pakati. Anthu amaonera mwaulemu, n'kubalalika osatsutsana. Pamene palibe mtsutso, kawirikawiri palibenso chimene chasuntha mumtima.

Tingatani

Choyamba ndi kuonera pamodzi n'kukambirana. Filimu yoonera n'kungobalalika ili ngati usipa wosiyidwa m'chidebe osauyanika pa thandala: pofika mawa watha ntchito. Sukulu za sekondale, magulu a achinyamata a m'mizikiti ndi m'matchalitchi, ndi makomiti a m'madoko angathe kupempha chilolezo kwa eni mafilimu n'kumaonetsa, makamaka nyengo yotseka nyanja pamene asodzi ali ndi nthawi. Ikatha filimu, wotsogolera asalalike. Afunse mafunso ochepa: ndani mufilimuyi akufanana ndi munthu wa m'mudzi muno? Anali ndi njira ina iti? Ndani sanapatsidwe mpata wolankhula? Ndipo amayi ndi atsikana ayambe kuyankha, chifukwa amuna akayamba, nkhani ya Abiti Anefa imasanduka mlandu wa Abiti Anefa.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Anyamata amene amaika Chichewa pa mafilimu a ku China aonetsa kale kuti luso lomasulira lilipo ndipo anthu amalikonda. Opanga mafilimu ndi bungwe lawo la Film Association of Malawi angagwirizane nawo mwalamulo, kuti mafilimu athu amveke m'Chichewa ndi m'Chiyao, mwini filimu n'kupezapo kake. Woonera naye adziwe kuti kulipira filimu ya kwathu ndiko kuitanitsa ina.

Chachitatu ndi kujambula tokha. Foni imene mnyamata amaonera mafilimu ili ndi kamera. Nkhani zilipo zosawerengeka: mkazi amene mwamuna wake anasiya kuimba foni kuchokera ku Johannesburg, mabanja amene nyumba zawo zinalowa madzi nyanja itakwera mu 2024, msodzi wogwidwa ndi mwera pakati pa nyanja, mtsikana wobwerera kusukulu atabereka, mudzi umene njira yake ya kumadzi yatsekedwa ndi mpanda wa malo ogona alendo. Oyamba adzajambula zosalongosoka, monga amayambira aliyense. Chofunika ndi choti asathamangire kulanga woipa pamapeto, koma alimbe mtima kuonetsa anthu athu mmene alili, ndi zifukwa zawo.

Palibe filimu imene idzabwezeretse chambo m'nyanja ya Malombe kapena kuchotsa mtsikana ku ukwati. Zimenezo amachita ndi anthu: mafumu, makolo, asodzi, aphunzitsi ndi atsikana eni ake. Koma munthu sasintha chinthu chimene sanayambe wachiyang'anitsitsa, ndipo mavuto a pakhomo ndi amene maso amawazolowera msanga. Ntchito ya filimu yabwino ndi kutikhazika pansi maola awiri kuti tiyang'ane chimene timachidutsa tsiku ndi tsiku. Mafilimu otere alipo kale, ena opangidwa ndi Amalawi anzathu ndi ndalama za m'thumba mwawo. Chatsala ndi kuwafikitsa kwa eni nkhani, m'chilankhulo chawo, ndi kuwapatsa bwalo loti ayankhe.